Tinamuyikira Masamba Mdala wa Ndege

Ndikakumbuka nyengo yotentha imeneyo, chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi ndodo ya maginito. Unali mpini wa tsache lakale, kunsonga kwake anamangirirako chimaginito chakuda chimene anachigulula m'sipika yakufa. Mpiniwo unali wautali kundiposa, ndiye Mdala, bwana wa amalume anga, anaudula ndi sowo kuti undikwane, pamene anadulapo n'kukulungapo tepi yofiira kuti pasandibaye. Ntchito yanga inali kuyenda nayo m'shedi ya ndege, kuchokera kukhomo mpaka kukhoma lakumbuyo, maginito akukwekwereza pa simenti. Ankatola tizidutswa ta waya, timawashala, timisomali tochepa ngati njere za mpunga. Kachitsulo kakamamatira kankalira kuti tsa! Ndipo ine ndinkamva ngati ndagwira mbala.

Ndinali ndi zaka ngati khumi. Tinkakhala ku Satwa, dera la mumzinda uno wa m'chipululu kutali ndi kwathu, anthu atatu m'chipinda chimodzi chodulidwa ndi pulayiwudi: ine, amayi, ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Kuseri kwa pulayiwudiyo kunkagona Afilipino, ndipo tinkadziwa chimene akazinga tisanachione. Bambo anga anamwalira ndili kumbuyo. Amayi ankachapa ndi kusita m'hotela ina ku Garhoud, ndipo malipiro awo sanali okwana kuti malamulo a kuno awalole kukhala ndi mwana. Choncho ine ndinalembedwa pa viza ya amalume, ndipo viza ya amalume inali pa kampani ya Mdala. Tinali ngati zovala zitatu zopachikidwa pa msomali umodzi.

Sukulu ikatsekera miyezi yotentha, panalibe wondisiyira. Aphunzitsi anali atawauza kale amayi kuti mwana wanuyu akakhala chabe amamenya anzake. Sananame. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi ya kampani pamodzi ndi amalume, n'kudutsa Sports City, n'kupitirira mpaka nyumba zitatha, kukangotsala mchenga ndi mpanda wa waya. Kumeneko kunali kabwalo ka ndege zing'onozing'ono, ndipo shedi ya Mdala inali yomaliza pamzere.

Mdala anali mzungu wokalamba, wamtali, khosi lofiira ngati la tambala. Anabadwira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, n'kuchokako ali mnyamata, koma chilankhulo sichinamuchoke. Ankalankhula Chinyanja chakalekale chimene ngakhale amayi ankaseka nacho. Amalume ankawaitana kuti “atelala”, ine “mnyamata wa chitsulo”. Ntchito yake inali kudzutsa ndege zakufa za pa nkhondo yaikulu ija ya azungu. Zinkabwera m'makontena zili zidutswazidutswa, zina zadzimbiri, zina zikununkha matope a kumene anazifukula. Iye ankazilumikiza pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka tsiku limene ankakwera yekha n'kupita nazo kumwamba. Anthu ankachokera kumayiko akutali kudzamuona. Ndinaonapo nkhalamba zoyenda ndi ndodo zikugwira phiko la ndege yake ngati zikugwira mwana wakhanda.

Amalume anali telala weniweni. Mdala anawapeza ku Satwa akusoka makavala a mipando ya galimoto, anayang'ana msoko wawo, n'kuwatenga. Pajatu ndege zakalezo zipsepse za kumchira sizikutidwa ndi malata ayi, zimakutidwa ndi nsalu. Amalume ankaisoka ndi singano yaitali ngati sipoko ya njinga, akumanga mfundo pa nthiti iliyonse, kenako n'kuipaka mankhwala onunkha ngati utoto wa m'zikhadabo. Ikauma ankaigogoda ndi chala, ikalira ngati ng'oma ankamwetulira. Fungo limenelo linkawatsatira mpaka kunyumba, m'malaya, m'tsitsi, m'mpweya wawo.

Lamulo la Mdala linali limodzi, ndipo ankalinena mpaka tinkalilota: “Pabwalo la ndege sipagwa kanthu.” Kaya chitsekerero cha botolo, kaya ndudu, kaya kamwala. Pulopela ikakayamwa kanthu kakang'ono, imakalavula ngati chipolopolo, kapena kamakalowa m'injini munthu ali kumwamba. Tsiku lina anazimitsa injini imene anthu anaivutikira m'mawa wonse kuti ilire, chifukwa anaona pepala la switi likuuluka. Pepalalo linali langa. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana mpaka ndinakalitola, ndipo kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa lamba.

Koma injini ija ikalira, abale! Inkayamba ndi kutsokomola ngati munthu wa chifuwa chachikulu, n'kulavula utsi wabuluu, kenako inkagwira moto n'kubangula mpaka malata a shedi ankanjenjemera. Phokosolo sulimva ndi makutu, umalimva m'nthiti. Ndinkatseka makutu ndi manja uku ndikukuwa, koma mawu anga osawamva. Lero ndimayendetsa njinga yamoto kuperekera anthu zakudya m'nyumba zosanja, ndipo anyamata akamadzitama ndi magalimoto awo aphokoso pa maloboti ndimangolavula. Sanamvepo injini imeneyo.

Kutentha kutafika pachimake, Mdala anapita ku Ulaya monga amachitira azungu onse a kuno. Anati akukaulutsa ndege ya mnzake pa chionetsero. Pochoka anawapatsa amalume moni wa manja awiri, n'kundiuza ine kuti akadzabwera adzandikhazika pampando wa woyendetsa ngati pansi padzakhale poyera.

Nkhani inatipeza tikumwa tiyi. Makaniko wina wa ku India, bambo wachete wa imvi m'masharubu, anayang'ana foni yake, n'kuika kapu pansi mosamala kwambiri. Ndege imene Mdala ankaulutsa inagwa m'munda wa tirigu anthu akuonerera, iye n'kufera pomwepo. Wina anali atajambula. Nditasendera kuti ndione, amalume anandikankha pachifuwa mpaka ndinagwa chagada pa simenti. Aka kanali koyamba kundigwira mwaukali. Kanema ameneyo sindinamuonebe, ngakhale ndikudziwa kuti ndikhoza kumupeza pa foni yangayi.

Ndinkayembekeza kuti china chake chichitika. Palibe chinachitika. M'shedi yoyandikana nafe anapitiriza kuphunzitsa ana a anthu olemera kuulutsa ndege. Malole amadzi ankadutsa pa geti ndi liwiro lawo lomwe lija, wailesi ili m'mwamba. Tsiku lotsatira kunabwera manijala, mnyamata wa nsapato zosongoka amene Mdala ali moyo sankaloledwa kupitirira pakhomo la shedi. Anatisonkhanitsa n'kunena kuti ndi zachisoni, koma ntchito ipitirire. Ndege zidzagulitsidwa. Ogwira ntchito amene sapanga vuto adzawasamutsira ku kampani ina ya pabwalo pomwepo, ndi maviza awo. Mawu akuti “amene sapanga vuto” anawanena kawiri. Amalume atafunsa za maliro, manijala anati mtembo auwotcha kwawo komweko, khalas, nkhani yatha.

Amalume anasiya kudya. Ankangokhala pa benchi lawo, singano ili m'manja, osasoka. Tsiku lina makaniko uja anawaonetsa pa foni m'mene anzake a Mdala anamulirira ku Ulayako: ndege zakale zikuuluka pamzere, kenako imodzi n'kupatuka yokha kukwera m'mitambo, malo ake n'kutsala opanda kanthu. Amalume anaonera mpaka kumapeto. Anangoti, “Iwo alira mwa kwawo.”

Madzulo ake kunyumba kunali mkangano, koma wa manong'onong'o chifukwa cha pulayiwudi uja. Mawu ena ndimawakumbuka ngati ndawamva dzulo.

“Achimwene, kuno si ku Ndirande. Lirani mumtima.”

“Munthu wobadwira ku Thyolo afe ngati nkhuku ya chitopa? Malole azingodutsa pakhomo pake ngati palibe chachitika?”

“Anali bwana wanu, sanali m'bale wanu. Mwanayu ali pa dzina lanu. Mukagwa inu, wagwa ndi iyeyu.”

“Chemwali, sindikukaba. Ndikungokaika masamba.”

Amayi anatembenukira kukhoma. Ine ndinkanamizira kugona, koma mumtima ndinali mbali ya amalume, chifukwa chilichonse chokhala ndi mkangano mkati ndinkachikonda.

M'mawa mwake amalume anamuuza dalaivala wa minibasi kuti atitsitse tisanafike pa geti. M'mbali mwa msewu munali mitengo ija ya m'chipululu, ya timasamba ting'onoting'ono ndi timinga, imene eni dziko amaitcha ghaf. Kuno mtengo umenewo sukhudzidwa, lamulo limauteteza. Amalume ankadziwa kapena sankadziwa, sindinawafunsepo. Anatulutsa sizasi yawo yaikulu yodulira nsalu n'kuyamba kudula nthambi, zina akuthyola ndi manja. Ine ndinkalandira. Minga inandikanda m'mikono monse, thukuta n'kumalowa m'zilondamo. Mchenga unali utayamba kale kuwotcha kudzera m'nsapato.

Ine ndinakulira kuno, mwambowu sindinkaudziwa bwino. Amalume anandifotokozera tikuyenda. Kwathu pakagwa maliro amaika nthambi zamasamba pamsewu, uku ndi uku kwa nyumba ya malirowo. Woyendetsa galimoto akaziona amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Wa njinga amatsika n'kuikankha. Wovala chipewa amavula. Safunsa kuti wafayo ndi ndani, wa mpingo wanji, anali wabwino kapena woipa. “Masamba amalankhula okha, mphwanga,” anatero.

Tinaziyala mopingasa msewu, mzere wina kumtunda kwa geti, wina kumunsi. Mlonda wa pa geti anali wa ku Zambia, wa ku Chipata, munthu wonenepa amene ankandigawira mabisiketi. Anatuluka m'kanyumba kake akuthamanga, atafika pafupi anaima. Anayang'ana nthambizo, anayang'ana amalume. “Ba malume, muzatipaisa imwe,” anatero. Koma anavula kepisi yake n'kuipanira m'khwapa.

Tinalowa m'shedi, tinavula nsapato, n'kukhala pansi pa phiko la ndege imene Mdala anaisiya yosatha. Amalume anayambitsa nyimbo ya maliro ya kutchalitchi. Amalawi awiri amene ankakolopa m'mashedi ena anamva, anabwera ndi ndowa zawo, anaziika pakhomo n'kudzakhala nafe. Makaniko wa ku India anavulanso nsapato zake, anakhala chapatali pang'ono, mutu uli pansi. Nyimbo m'shedi ya malata imakula, imabwerera kuchokera kudenga ngati mukuimba anthu ambiri.

Kuchokera pomwe ndinakhala ndinkaona msewu. Lole yamadzi inabwera ndi liwiro, inagwira mabuleki, dalaivala wake wa ku Pakistan n'kutulutsa mutu akukalipa. Mlonda anapita kukamuuza kanthu. Dalaivalayo anazimitsa wailesi, anaika dzanja pachifuwa, n'kudutsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Yachiwiri inachitanso chimodzimodzi. Amalume anaona, ndipo pamenepo m'pamene analira. Sindinaonepo munthu wamkulu akulira chomwecho, kukamwa kuli yasa, mamina ali chuchuchu, osapukuta. Pa kanthawi kameneko Mdala anali ndi maliro. Aliyense amene angandiuze kuti zinali zopusa abwere adzandiuze pamaso.

Kenako kunabwera mphepo. Ya kuno sichenjeza. Kumwamba kunangosanduka kofiirira, mchenga n'kuyamba kumenya malata ngati matalala. Ndinaona nthambi imodzi ikudzuka pamsewu, ikugubuduka, n'kulowa pa geti. Ina inatsatira. Timasamba tija tinayoyoka n'kubalalika pa simenti ponse pamene ndege zimayendapo, ndipo nthambi zikuluzikulu zinalunjika kumsewu wotera ndege.

Ndinadzuka ndili wopanda nsapato, n'kutenga ndodo yanga ya maginito. Ndi chokhacho chimene ndinkadziwa. Ndinathamanga pa simenti yowotcha ndikukwekwereza maginito pamwamba pa masambawo, koma maginito sagwira tsamba. Ndinakwekwereza, ndinamenya pansi, ndinatukwana, masamba akungondidutsa m'miyendo. Kumwamba kandege ka ophunzira kanali katatsika kale kuti katere. Ndinamva injini yake ikukuwa mwadzidzidzi, kakukweranso, mawilo atatsala pang'ono kugunda nthambi. Kenako sayirini inalira, ndipo bwalo lonse linatsekedwa.

Anthu ovala zachikasu anafola pamzere n'kumayenda chowerama, akutola masamba athu n'kumaika m'matumba a zinyalala. Mlonda uja anabwera kwa amalume, kepisi ili kumutu tsopano. “Ba malume, makamera yaona vonse. Nikapanda kulemba lipoti, ni ine nizayenda. Nili na bana.” Amalume anali akuvala nsapato. Anati, “Lembani, achimwene. Musadandaule.”

Manijala anafika ali wofiira maso. Anakankha nthambi ndi nsapato yake yosongoka ija, n'kufunsa kuti ndani wabweretsa zinyalala za kumudzi pabwalo la ndege. Zinyalala. Mawu amenewo anandilowa ngati singano ya amalume. Ndinamutukwana ndi mawu onse a Chihindi amene ndinatola kwa madalaivala, ndipo ndikanamuluma dzanja zikanakhala kuti mlonda sanandinyamule ngati thumba la ufa. Anakanditsekera m'kanyumba kake, pansi pa tebulo, n'kundiuza kuti ndikangotsokomola andipha yekha. Apolisi atabwera ndinangoona nsapato zawo kudzera pa mpata wa chitseko. Ndinamva wina akufunsa kuti kodi panali mwana pano, mlonda n'kuyankha kuti mwanayo wapita kale ndi minibasi. Ndinaona nsapato za amalume zikuyenda pakati pa zawo, chingwe chimodzi chosamanga.

Milandu inali iwiri, wa mitengo ndi wa bwalo la ndege. Kampani sinawaimire. Anakhala m'chitokosi masiku angapo, viza yawo inathetsedwa, ndipo anawakweza ndege yobwerera kwathu kuchokera m'chitokosimo. Amayi anangololedwa kukasiya chikwama cha zovala pa windo ku polisi. Mlonda uja ndi amene anandifikitsa ku Satwa tsiku lija, ndipo patapita nthawi anabweretsanso sizasi ya amalume atayikulunga m'nyuzipepala. Amayi anailandira osanena zikomo, n'kuiponya pansi pa bedi.

Ndakhala zaka zambiri ndikufunafuna woti ndimukwiyire, ndipo amasintha malinga ndi tsiku. Masiku ena ndi amalume, amene anauzidwa momveka kuti mwana ali pa dzina lawo koma anasankha munthu wakufa. Masiku ena ndi Mdala mwini wake, amene ankadziwa kulumikiza ndege yofukulidwa m'matope koma sanaganizepo kuti anthu opachikidwa pa dzina lake adzagwera pati iye akadzagwa. Ndipo chimene chimandipsetsa mtima koposa n'chakuti Mdalayo akanakhala moyo, akanaona masamba aja pa simenti yake, akanawachotsa ntchito amalume tsiku lomwelo. Tinamulira ndi chinthu chimene iye ankadana nacho kuposa chilichonse. Amalume ali ku Limbe tsopano, amasoka pakhonde la sitolo, maso akuwavuta. Tikamalankhula pa foni amandifunsa za njinga yanga, za kutentha. Za tsiku lija sanapepesepo, ndipo ine sindinawapemphe kuti apepese. Ndikuopa kuti akhoza kupepesadi.

Viza ya amalume itathetsedwa, yanganso inafera pomwepo, ndipo mwana wopanda viza sukulu simulandira. Kumudzi kunalibe woti akandisunge. Amayi anaganiza okha zondibisa, osafunsa munthu. Anandikhazika pa bedi n'kundipatsa malamulo atsopano: osatuluka masana, osasewera kumsewu waukulu, ukaona galimoto ya apolisi usathamange, ungolowa m'sitolo ngati ukugula kanthu. Wina akagogoda, usayankhe. Ndinavomera zonse. Kwa ine anali masewera a chibisalirano, ndipo ndinkadziona ngati msilikali.

Kutentha kunayamba kuchepa. M'masitolo a ku Satwa anapachika mayunifolomu, matelala akugwira ntchito mpaka kutuluka thukuta. Ndinawakumbutsa amayi kuti buluku langa la sukulu lafupika, iwo anati adzaona. Ndinawakumbutsanso, anati ndisawasokose mutu ukuwawawa.

Tsiku lotsegulira sukulu basi yachikasu inalowa m'kanjira kathu monga mwa masiku onse. Inaima pa sitolo ya pangodya n'kuliza hutala. Amayi anali asanapite kuntchito tsiku limenelo, anakhala pa bedi atavala kale yunifolomu ya kuhotela. Ndinathamangira pa windo. Ndinaona anzanga akukwera, zikwama zatsopano kumbuyo, tsitsi lopesa ndi mafuta. Basi inalizanso hutala, kudikira ine. Ndinatembenuka kufuna nsapato, koma amayi anandigwira dzanja. Sanakoke, anangogwira. Anati chaka chino holide yanga aiwonjezera.

Basi inadikira pang'ono, kenako chitseko chinatsekeka. Mnzanga wina amene ndinamumenyapo anandiona pa windo, ine n'kumutulutsira lilime. Ndinadumphira pa matiresi ndikuseka, ndikuimba kuti iwo akukakhala padzuwa pa asembule ine ndikugona. Ndinawafunsa amayi kuti holide yowonjezerayo itha liti, ndipo kodi mawa ndingadzuke mochedwa. Anati inde, ukhoza kudzuka mochedwa. Ndinadabwa kuti nkhani yabwino chonchi akuinena akuyang'ana pansi, dzanja langa osalisiya.